Mlendo ndi Mame: Za Kujambula Mabwinja Dzuwa Likamatuluka

Mwambi wakuti “mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka” makolo adaukonzera eni khomo, kuti asatope naye munthu wobwera ngakhale atawathera ufa, popeza masiku ake pamudzi ndi owerengeka. Komabe mwambiwu uli ndi mbali ina imene siitchulidwa kawirikawiri, ndiyo yakuti munthu wochoka msanga amaona zochepa, ndipo zimene amakasimba kwawo za mudzi umene adagonamo zimakhala za m'mawa umodzi wokha. Mbali yachiwiriyi ndiyo ikukhudza ntchito ya anthu amene amayenda kumidzi ndi kamera kufunafuna nyumba zosiyidwa, masitolo ogumuka ndi zigafa za fodya zimene zidagwa denga, kuti azijambule dzuwa likamatuluka. Wojambula wotere amadzuka nthanda isanazilale, amafika pamalopo udzu uli chinyowere, ndipo dzuwa likakwera pang'ono amalongedza zida zake n'kubwerera, kotero kuti nthawi yake yonse pabwinjapo ndi nthawi yeniyeni ya mame. Bwinja, m'nkhani ino, ndi malo alionse amene anthu adakhalapo kapena kugwirapo ntchito n'kuchokapo, kaya padatsala makoma kaya padatsala nthaka yokha.

Chifukwa chimene ojambula amakondera m'bandakucha n'chodziwika bwino mu sayansi ya kuwala. Dzuwa likakhala paliwombo, kuwala kwake kumadutsa mpweya wochepa kuti kufike pansi, koma likakhala m'mphepete mwa thambo kumayenda chopingasa ndipo kumadutsa mpweya wochuluka kopitirira ka 30. M'njira yaitaliyo tizigawo ta mpweya timamwaza kuwala kwa mtundu wa buluu kwambiri kuposa kofiira, monga momwe Lord Rayleigh wa ku England adafotokozera m'chaka cha 1871, ndipo kumene kumatsala kuti kulowe m'diso la kamera n'kofiirira ndi kwachikasu. Njerwa yootcha, imene ndi yofiira kale, imaoneka yopsa bwino, ndipo ngakhale dzimbiri la malata limasanduka chinthu chokoka maso. Koma chofunika kuposa mtundu ndi mbali imene kuwalako kukuchokera, pakuti kukamabwera chammbali kanthu kalikonse kotumphuka pakhoma kamaponya mthunzi wautali, motero ming'alu, njira za chiswe, zilembo zofufutika za dzina la sitolo ndi malo amene pulasitala adamatuka zimaonekera zonse, pamene masana zimamira m'kuwala koyera kosasiyanitsa kanthu.

Ku Malawi nthawi imeneyi ndi yaifupi kuposa kumaiko a kumpoto kwa Ulaya, chifukwa dzikoli lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera kwa ikweta, mzere wongoganizira wogawa dziko lapansi pakati, ndipo kumadera otere dzuwa limakwera pafupifupi chilili m'malo mokwawa m'mphepete mwa thambo. Kuyambira pamene kunja kwayera mokwanira kuti munthu aone njira kufikira pamene dzuwa latulukira pamadutsa mphindi zopitirira pang'ono 20, ndipo kuwala kofiirira kuja sikutha ola lathunthu. M'mwezi wa Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, pamene mu Julayi limadikira 6 koloko, ndipo nyengo iliyonse imabwera ndi mpweya wakewake. M'miyezi yachisanu nkhungu imagona m'madambo ndipo chiperoni chimaphimba mapiri a Thyolo ndi Mulanje; mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire pamodzi ndi fumbi zimafooketsa dzuwa kuti lituluke lofiira ndi lopanda cheza, mapiri akutali n'kubisika; mvula yoyamba ikagwa mpweya umayera, koma udzu umakula msanga n'kukwirira maziko onse. Apa mpamene mwambi wakuti “kuona maso a nkhono n'kudekha” umagwira ntchito mosasowa kumasulira, pakuti wojambula ayenera kuyendera malowo dzulo lake, adziwe khoma limene lapenya kum'mawa, aimike kamera pa choimikira cha miyendo itatu chifukwa kuwala kukachepa kachitseko ka kamera kamakhala kotseguka nthawi yaitali, ndipo avomereze kuti mtambo umodzi ungathe kumubweza chimanjamanja.

N'zochititsa chidwi kuti chithunzi chakale kwambiri chojambulidwa ndi kamera chimene chidakalipo mpaka lero ndi cha nyumba za pafamu. Joseph Nicéphore Niépce adachijambula ali pawindo la nyumba yake ya Le Gras ku France cha m'ma 1826 kapena 1827, pa chitsulo chopakidwa phula la m'nthaka limene limauma likaombedwa ndi dzuwa, ndipo kujambulako kudatenga maola osachepera 8, kotero kuti dzuwa likuoneka litawala mbali zonse ziwiri za nyumbazo. M'chithunzi chimenecho mulibe m'mawa kapena madzulo, muli tsiku lonse lathunthu. Kamera ya lero imatenga kachigawo kakang'ono ka sekondi, ndipo ichi chikutanthauza kuti ola limene laoneka pachithunzi lidachita kusankhidwa ndi munthu, ndipo wosankhayo ali ndi mlandu wa zimene olalo likunena.

Nyumba zosiyidwa za kumidzi ya Malawi sizidafe imfa imodzi. M'misika yambiri ya m'mbali mwa misewu yakale muli mizere ya masitolo a khonde lalitali la nsanamira za njerwa, pamene kale atelala ankakhala ndi makina awo osokera, okhala ndi zipinda zogona kumbuyo kwa kauntala. Ambiri mwa masitolowa adali a amalonda achimwenye, ndipo adatsekedwa m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidalamula kuti amwenye achoke m'misika ya kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ena mwa masitolowo adagulidwa ndi Amalawi amene adalibe mpamba wokwanira kuwadzaza katundu, ndipo khomo limene linkagulitsa nsalu, mchere, palafini ndi makasu lidatsala la mileme. Patsogolo pang'ono pangapezeke shedi ya ADMARC, bungwe logula ndi kugulitsa zokolola limene lidakhazikitsidwa mu 1971 ndipo lidafika ndi sikelo yake kumadera akutali kwambiri, mpaka pamene boma lidalola amalonda wamba kugula mbewu za alimi ang'onoang'ono mu 1987, misika yaing'ono yambiri n'kuyamba kutsekedwa. Kwina kuli misasa ya a Malawi Young Pioneers, imene idasiyidwa asilikali atalanda zida gululo mu Disembala 1993, ndipo kuchigwa cha Shire kuli masiteshoni amene adaleka kumva kulira kwa sitima madzi osefukira atakokolola njanji pafupi ndi Chiromo mu 1997. Lamulo la boma, kusintha kwa msika, kugwa kwa ulamuliro ndi mkwiyo wa mtsinje ndi zifukwa zosiyana kotheratu, ndipo chilichonse chidasiya anthu ake olira ndi ena osangalala.

Vuto lalikulu la kuwala kwa m'bandakucha n'lakuti kumavala zonsezi chovala chimodzi. Akuluakulu adati “chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere,” ndipo chithunzi cha bwinja lowala ndi dzuwa la m'mawa ndi mkuyu wotere, pakuti chimamuuza woonera kuti nyumbayo idangokalamba mwamtendere, pamene mwina idachita kulandidwa kapena kuphwasulidwa. Amishoni a Livingstonia adachoka ku Cape Maclear, kumene adafika mu 1875, chifukwa cha malungo, nasamukira ku Bandawe mu 1881, kusiya manda a anzawo m'tsinde mwa phiri. Uko kudali kuchoka kodzisankhira. Koma tchalitchi cha njerwa cha Providence Industrial Mission pa Mbombwe ku Chiradzulu chidachita kuphulitsidwa ndi asilikali a boma la atsamunda John Chilembwe ataukira mu Januwale 1915, ndipo mishoniyo idakhala yotsekedwa mpaka pamene Dr. Daniel Malekebu adaitsegulanso mu 1926. Mulu wa njerwa wa pa Mbombwe, utajambulidwa dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, sukadasiyana m'maonekedwe ndi tchalitchi chogwa ndi mvula. Chimene chidasunga choonadi cha malowo ndi zithunzi za anthu amoyo, za Chilembwe ndi banja lake atavala mwaulemu, zimene adajambula Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku wa ku mishoni ya Blantyre yemwe ali m'gulu la Amalawi oyambirira kugwira kamera, ndipo iye sadali wongodutsa pakati pa anthu amene ankawajambulawo.

Kuwonjezera apo, dzuwa lotuluka si chinthu chosalankhula m'dziko limene mbendera yake idayamba kukhala ndi dzuwa lofiira lotuluka pa 6 Julayi 1964, limene ndalama yake imatchedwa kwacha kuyambira mu 1971, ndipo limene lidakangana kwambiri pamene dzuwalo lidasinthidwa kukhala loyera ndi lathunthu mu 2010 mpaka lakale lidabwezeretsedwa mu 2012. Wojambula wochokera kunja angaone mtundu wokongola chabe akaika dzuwa lotuluka pamwamba pa shedi yogumuka, koma mlimi amene ankagulitsa mtedza ndi chimanga pa shediyo amawerenga m'chithunzicho funso lokhudza lonjezo la ufulu, ndipo kuwerenga kwakeko n'kolondola kuposa kwa wojambulayo.

Ojambula ena adalizindikira vutoli nalithawa. Bernd ndi Hilla Becher a ku Germany, amene kuyambira mu 1959 ankajambula nsanja za madzi, ng'anjo zosungunulira zitsulo ndi nyumba za pamigodi zimene zinkatsekedwa, ankadikira tsiku la mitambo kuti pasakhale mthunzi kapena mtundu wokopa maso, ndipo chinthu chilichonse ankachijambula chili chiimire pakati pa chithunzi, kuti woonera aone kamangidwe kake m'malo motengeka mtima. Ena adagwa m'chiyeso. Mu 1936 Arthur Rothstein, amene boma la United States lidamutuma kujambula mavuto a alimi pa nthawi ya chilala, adapeza chigaza cha ng'ombe ku South Dakota nachisuntha mamita ochepa kuti achijambule pamalo osiyanasiyana, ndipo nyuzipepala zitatulukira zimenezi adani a boma adagwiritsa ntchito nkhaniyo kunena kuti zithunzi zonse za chilalacho zidali zopeka, ngakhale chilalacho chidali chenicheni. Wojambula amene amasuntha mpando wothyoka kuti uime pamene pali kuwala, kapena kuchotsa mbuzi ndi zovala zoyanikidwa kuti malo aoneke opanda anthu, akuchita chinthu chomwecho, ndipo amene amavulala ndi bodza lakelo ndi anthu amene mavuto awo ndi oona.

Komabe pali tsankho lina lozama kuposa limeneli, limene silichokera m'mtima wa wojambula koma m'zomangira zenizenizo. Chimene chimaima zaka zambiri kudikira kamera ndi chimene chidamangidwa ndi njerwa zootcha, simenti ndi malata, ndipo kwa nthawi yaitali zomangira zimenezi zidali za mishoni, boma, esiteti ndi sitolo. Nyumba ya munthu wamba idali ya mitengo yomata dothi, ya mdindo, ndiko kuti dothi losindiridwa m'chikombole cha matabwa, kapena ya zidina, zomwe ndi njerwa zoumitsidwa padzuwa, ndipo nyumba yotere denga lake la udzu likangowola imasungunuka m'madzinja ochepa n'kubwerera kunthaka imene idachokera. Ndiponso pakati pa Achewa mudali mwambo wogwetsa nyumba ya malemu maliro akatha, ndipo mudzi wonse unkasamuka nthaka ikaguga kapena imfa zikachuluka, motero kusasiya makoma sikudali kulephera koma njira ya kakhalidwe. Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, lidali likulu la a Kalonga, mafumu a Amaravi, ndipo Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zinthu zamakedzana, adapezapo mapale a mbiya, mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Koma mlendo wofunafuna khoma loti alijambule angadutse pa likulu limenelo osaimika galimoto. Zotsatira zake n'zakuti mulu wa zithunzi za mabwinja umasimba mbiri ya anthu amene adali ndi ndalama zootchera njerwa, ndipo umakhala chete pa anthu ochuluka amene adaumba njerwazo.

Apa mpamene kuwala kwa m'bandakucha kumapeza ntchito yake yeniyeni, imene ndi yolemekezeka kuposa kukongoletsa makoma. Kuwala kochokera chammbali kumene kumaonetsa ming'alu pakhoma kumaonetsanso kutumphuka kochepa kwa nthaka, ndipo ofukula zamakedzana adadziwa izi kalekale. O. G. S. Crawford wa ku England, m'zaka za m'ma 1920, adaonetsa kuti minda ndi midzi ya anthu akale imene siioneka kwa munthu woyenda pansi masana imaonekera pa zithunzi zojambulidwa m'ndege dzuwa lili pansi, chifukwa kamtumbira kalikonse kamakhala ndi mthunzi wake. N'chimodzimodzi pabwinja la mudzi wa kuno, makamaka moto ukangodutsa n'kusiya lupsa. Kwa mphindi zochepa zimenezo timilu tozungulira timaonetsa pamene padali nyumba iliyonse, dzala la phulusa limasiyana mtundu ndi nthaka yozungulira, mizere ya munda wakale imatulukira pansi pa ziputu za udzu, ndipo mwala wa mphero wokumbika pakati umadzaza mthunzi. Zina sizifuna kuwala kwapadera koma diso lophunzitsidwa: mitengo ya mango yoima pamodzi patchire, mpanda wa nkhadze umene udakula n'kusanduka mitengo, ndiponso kankhalango kowirira pakati pa minda yolimidwa, kamene ndi manda. Chithunzi cha zinthu zotere sichikopa msanga ngati cha tchalitchi chopanda denga, koma chimabwezera m'mbiri anthu amene makoma awo sadathe kuwaimira umboni.

Mwambi wina umati “mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa,” ndipo n'zoona kuti wobwera amaona zimene eni ake adazolowera mpaka kuleka kuziona, monga kamangidwe ka khonde limene aliyense amalidutsa popita kuchigayo. Koma kalumo kameneka sikakwanira, chifukwa kamera siingathe kudziwa kuti kamulu aka kadali nyumba ya ndani, ndipo “safunsa adadya phula.” Bwinja la kumudzi lili ndi eni ake ngakhale palibe wogonapo: mbumba imene idachokapo imabwera kudzathyola mango, kudzalambula manda ndi kudzalima pamene padali khola chifukwa nthaka yake ndi yachonde, ndipo kumadera a gule wamkulu kankhalango ka manda kangakhale dambwe, malo amene munthu wosalowa mwambo saloledwa kufikako, kaya ali ndi kamera kaya alibe. Choncho ntchito yojambula imayamba dzulo lake ndi mawu akuti “odi” pakhomo la a nyakwawa, ndi kukhala pamphasa kufotokoza cholinga cha ulendo, ndiponso kupempha munthu wachikulire kuti atsogolere njira, popeza “akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto” ndipo ndiwo okha angasiyanitse chulu ndi kamulu ka nyumba.

Kufunsa kumeneku si ulemu chabe, pakuti m'mbiri ya dziko lino kuoneka ngati malo alibe anthu kudalanditsapo minda. M'zaka zoyambirira za m'ma 1890, pamene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ankapereka kwa azungu zikalata zotsimikizira umwini wa malo, madera ambiri achonde a kumapiri a Shire ankaoneka ochepa anthu chifukwa eni ake adathawira m'mapiri poopa nkhondo ndi ogwira akapolo, ndipo malo aakulu adasanduka maesiteti, kuphatikizapo a A. L. Bruce ku Magomero, kumene nkhanza za thangata zidadzakhala chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa Chilembwe. Lero, pamene malo a makolo akulembetsedwa motsatira malamulo atsopano a malo amene adakhazikitsidwa mu 2016 ndipo milandu ya malire yachuluka m'mabwalo a mafumu, chithunzi chokongola cholembedwa pansi pake kuti “malo osiyidwa” chingathe kuyenda pa intaneti kutali kuposa mawu a mayi amene agogo ake adagona m'manda a pomwepo.

Mabwinja ena ndi a dzulodzuloli. Namondwe wa Freddy, amene adagwa mu Malichi 2023 napha anthu opitirira 1,000 m'dziko muno, adasiya midzi ya ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe itakwiririka ndi matope ndi miyala yogumuka m'mapiri, ndipo opulumuka ambiri akukhala pafupi, ena osapeza ngakhale matupi a abale awo. Amati “tsobola wakale sawawa,” koma uyu ndi tsobola watsopano, ndipo dzuwa limatuluka mokongola pamwamba pa miyala imeneyo monga limatulukira kwina kulikonse. Pamalo otere chilolezo cha mfumu chokha sichikwanira, pafunika cha ofedwawo, ndipo akakana nkhani yathera pomwepo.

Chimene chimasandutsa chithunzi cha bwinja kukhala umboni ndi mawu olembedwa pansi pake: dzina la mudzi ndi la mfumu yaikulu ya deralo, tsiku ndi ola, mbali imene kamera idapenya, chaka chimene anthu adachokapo, ndiponso chifukwa chake m'mawu a ochokawo. Zolemba zotere n'zofunika mwachangu chifukwa bwinja la njerwa nalonso silikhalitsa, popeza malata, mafelemu ndi njerwa zimatengedwa kukamangira nyumba zina, ndipo sitolo imene yaima chaka chino ingadzakhale maziko okha pakapita madzinja ochepa. Zithunzi zolembedwa bwino zili ndi kokasungidwa, monga kunyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko ku Zomba kapena kulaibulale ya Society of Malawi m'nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ndipo chimodzi chotsukidwa papepala chiyenera kubwerera kumudzi kumene chidajambulidwa. Kukapereka chithunzicho kumafuna ulendo wachiwiri, ndipo ulendo umenewo uyenera kukhala wa masana ngakhale kuwala kwake n'kouma, chifukwa m'bandakucha eni bwinjalo amakhala ali kumunda kapena kumjigo, ndipo nthawi imene angapezeke kuti aime pamene padali khomo lawo, aloze pamene padali nkhokwe ndi kutchula mayina a amene ankagona m'nyumba iliyonse, ndi pamene aweruka.